Zala Zitatu za a Mapini

Ana inu, ndi nonse amene munavalapo chovala chotuluka m'shopu mwathu, khalani pansi mundimvere. Ndikufuna ndinene za amuna anga, a Mapini, amene atisiya mwezi wathawu. Dzina limeneli linabwera poti pakamwa pawo sipankasowa mapini. Ngakhale pokalipa ankakalipa mapini ali pomwepo, osagwa ngakhale imodzi. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye mawu ena akakhota mundikhululukire. Sindinena kuti anali munthu wopanda banga, ayi, bodza silitonthoza. Ndinena za siketi imodzi yobiriwira imene inatsala pang'ono kumulepheretsa mwana wa eni kulemba mayeso, ndi za mdzukulu wathu Kamsoti, amene anatengera agogo akewo zonse, luso ndi nsanje yomwe.

Tsiku lina Kamsoti anabwera kuchokera kusukulu nkhope itakwinyika ngati malaya oiwalika m'beseni. Anaponya mabuku pansi pa tebulo lodulira, n'kukhala pa kampando ka pakona, foni m'manja. Moni sanapereke. Mwanayu anali ndi bulogu yake, ndiye kuti tsamba la pa intaneti limene ankalembapo zimene waphunzira m'shopu: kasokedwe ka batani, kaikidwe ka zipi, kuika chigamba pabondo choti munthu asachione. Analitcha Singano ya Agogo. Ankalemba mosamala kwambiri. Chilichonse ankayamba wachiyesa pa kansalu kotsala, kenako n'kuwawerengera agogo ake, iwo n'kuvomera kapena kupukusa mutu. Koma pansi pa nkhani zakezo, pamene owerenga amasiyapo ndemanga, pankangokhala zii. Ndemanga zitatu, zikachuluka zinayi, ndipo imodzi inkakhala ya azakhali ake.

Tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomo lathu, kunali shopu inanso yosokera, ya mayi wina woseka mokweza. Kwa zaka zambiri yunifolomu ya sukulu ya Kamsoti ankasoka ndi a Mapini. Koma mayiyu atabwera ndi makina amagetsi, ntchito ija inaoloka msewu, mipukutu ya nsalu yobiriwira n'kuoloka nayo. Kuyambira pamenepo a Mapini sanamutchulenso dzina, ankangoti "wa tsidya". Makina awo opalasa ndi phazi anawasunthira pazenera, ati kuti aziona bwino ulusi, koma tonse tinkadziwa kuti akuwerenga anthu olowa kumeneko.

Mayi wa tsidya anali ndi mwana wamkazi, wa kalasi limodzi ndi Kamsoti, amene anzake ankamutcha Gulugufe chifukwa cha maliboni a m'mutu. Nayenso anali ndi bulogu, ya za tsitsi ndi zovala. Lachisanu lililonse ankapereka liboni kwa amene walemba ndemanga yomukomera, ndiye pa tsamba lake anthu ankachita kupondana. Tsiku limenelo pa nthawi yopuma anamuonetsa Kamsoti foni, anzawo ali pomwepo.

"Zanga zakwana mazana awiri, mnzanga. Zako zafika zingati? Kapena ndikubwerekeko khumi, udzabweza ukalemera?"

Atsikana anaseka mpaka kugwirana mapewa. Kamsoti naye anasekako pang'ono kuti asaoneke. Njira yonse yobwerera ankangodzifunsa kuti mwana woti sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pa singano angamupose bwanji iye.

A Mapini atamva nkhaniyi anaimitsa phazi. Anaitenga ngati yawo. Anati maliboniwo ndi zinyenyeswa zimene ife timasesa madzulo, ndipo ngati anthu amathamangira zinyenyeswa, nanga akaona chinthu chenicheni adzatani? Anakwera pampando n'kutsitsa nsalu yolimba yabuluu imene ankaisungira ntchito yapadera. Masiku awiri anasiya mathalauza a eni ali m'dengu, n'kusoka chikwama cha mabuku, cha matumba awiri, zipi yonenepa, malamba osokedwa kanayi. Inenso ndisadziyeretse, nsalu ya chikwamacho ndinaisita ndine.

Chinatsala ndi nkhani yoti chikwamacho chikhalepo. Kamsoti anasankha kulemba za kufupikitsa siketi yayitali, poti atsikana ambiri amavala zosiyiridwa ndi akulu awo. Ankafuna ituluke Lachinayi, Gulugufe asanalengeze liboni lake. Anawafunsa agogo ake kuti amatani, iwo maso ali pazenera, poti nthawi yomweyo kutsidya kunali kulowa azimayi atatu ndi nsalu za ukwati.

"Uvale, uyeze pamene ukufuna ifike, ulembe mzere ndi choko, udule, upinde. Basi," anatero osacheuka.

Sananame. Mawu amenewo ndi omwe ankanena zaka makumi anayi. Koma panali chinthu chimene dzanja lawo linkachita pakamwa osachinena. Akalemba mzere wa choko, ankagoneka zala zitatu kunsi kwa mzerewo, sizasi n'kudutsa kunsi kwa zalazo. Kansalu ka zala zitatuko ndi kamene kamapindidwa kukhala mpindiro. Dzanja linkachita lokha, monga phazi limapalasira makina munthu akucheza. Kamsoti akanayesa pa kansalu monga mwa masiku onse, akanaona. Koma tsiku limenelo sanayese. Analemba mawu asanu aja mowakongoletsa, n'kuika chithunzi cha chikwama pansi pake. Analonjeza kuti wolemba ndemanga zambiri kuposa onse adzatenga chikwamacho, ndipo amene ayese kufupikitsa siketi yake n'kudzafotokoza, ndemanga yake imodzi idzawerengedwa ngati makumi awiri.

Ndemanga zinabwera ngati nyerere pa shuga wotayika. Wina analemba kuti zabwino. Wina, zabwino kwambiri. Wina ankangolemba kuti "ndilipo", n'kulembanso "ndilipo", mpaka kosawerengeka. Ena ankangoika tizithunzi ta maluwa. Wina anayamikira mmene wafotokozera kalukidwe ka tsitsi, pomwe nkhani inali ya siketi. Kamsoti poyamba ankawerenga iliyonse, koma pofika Loweruka anasiya, ankangoyang'ana nambala ya pamwamba. Ikakwera ankaitchula mokweza, a Mapini n'kuyamba kuimba mluzu mapini ali pakamwa, chitseko atachitsegula chonse kuti mluzuwo uoloke msewu. Lolemba kusukulu anamuonetsa Gulugufe mazana atatu, n'kumufunsa ngati khumi lija akulifunabe kubwereketsa. Gulugufe anangotembenuka n'kumapita. Kamsoti tsiku limenelo chakudya chinamukomera kuposa masiku onse.

Lachiwiri masana, akutsetsereka ndi chala m'maluwa aja, anakumana ndi ndemanga yayitali kuposa zinzake. Pansi pake panalembedwa kuti Telala wa tsidya la msewu. Inati: "Mwanawe, nkhani ndi yothandiza, koma waiwala mpindiro. Munthu akadula pa choko penipeni siketi imufupikira. Konza msanga wina asanadule. Chikwama sindikuchifuna."

Kamsoti anadzuka pa kampando kake. Anauza agogo ake kuti wa tsidya walemba, ati nkhani yathu ili ndi cholakwa. A Mapini sanafunse kuti cholakwa chake n'chotani. Anangomva dzina, basi. Anati iyi ndi nsanje yeniyeni, waona kuti mwana wake wagonja ndiye wabwera yekha kudzathira mchenga. Anati iwo anayamba kudula nsalu mayiyo akadali kumbuyo kwa amake.

"Fufuta," anatero.

Kamsoti anayang'ananso mawu aja. Penapake mumtima kanthu kanamukanda, poti ndemanga yonseyo inalibe chipongwe. Koma anaganiza za Gulugufe akuiwerenga, akuionetsa kwa atsikana pa nthawi yopuma. Anadina, ndemanga n'kuchoka.

Mayeso a kumapeto kwa chaka ankayamba Lolemba lotsatira. Sukulu imeneyo inali ndi lamulo loti siketi iziphimba mawondo, ndipo pa geti pankaima mphunzitsi wina amene sankamva za mawa kapena za pepani. Yafupika, bwerera. Pa masiku a mayeso ndiye ankachita kuwerama kuti aone bwino.

Loweruka chakumasana, ine ndikuzimitsa makala a simbi, pakhomo panaima mtsikana wowonda atakumbatira pepala la pulasitiki. Anali wa kalasi la Kamsoti, wokhala kumbuyo, amene ankamutcha Kachete poti mawu ake ankachita kuwasaka. Mabuku ake ankanyamulira m'pepala lomwelo. Siketi yake ya sukulu inali imodzi yokha, yosiyiridwa ndi mkulu wake wamtali, ndipo anzake ankamuseka kuti amasesa sukulu mwaulere. Anaima nthawi ndithu asanalowe. Kenako anatulutsa siketi ija n'kuiyala pa tebulo.

A Mapini anaitembenuza kunja kukhala mkati, monga ankachitira ndi chovala chilichonse, n'kuiyeza ndi tepi. Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, n'kuyezanso. Inali yoperewera pafupifupi chikhatho chonse. Anafunsa mwaukali kuti ndani anamuuza kudula chonchi.

Kachete anafotokoza motsitsa mawu. Anati foni ndi ya mkulu wake, amabwereka kamodzi pa sabata, ndiye zolemba ndemanga zambirimbiri sakanatha. Anaona kuti njira yake yopezera chikwama ndi kuyesa. Anayeza kunsi kwa mawondo, analemba choko, anadula pa mzere, anapinda monga zinalembedwera. Atavala anaona mawondo ali pamtunda, ndiponso mbali ina yatsika kuposa inzake. Poyesa kulinganiza anadulanso. Chidutswa chotsala chinali tizidutswa tokhatokha, poti sizasi ya kwawo ndi yobuntha. Amayi ake anali asanadziwe.

A Mapini anauza Kamsoti kuti awerenge zimene analemba. Kamsoti anawerenga. Iwo anati palibe cholakwa pamenepo, ndi mmene amachitira tsiku lililonse, ndipo kuti aonetse anakoka kansalu m'dengu, analemba mzere ndi choko, n'kutola sizasi. Dzanja lamanzere linapita lokha, n'kugona kunsi kwa mzere, zala zitatu. Sizasi inaima m'malere. Anayang'ana dzanja lawolo nthawi yayitali ngati ndi la munthu wina. Kenako anachotsa mapini pakamwa, imodzi imodzi, n'kuwaika pa tebulo. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo, m'shopu ndinali ndisanawaonepo pakamwa pali pululu.

Kamsoti ankafuna pansi patang'ambika. Ndemanga mazana atatu zija zinali m'thumba la diresi lake, koma panalibe ngakhale imodzi yoti ingatalikitse siketiyo ndi chala chimodzi.

Njira inalipo imodzi: kumasula mpindiro wa Kachete n'kulumikiza lamba wa nsalu yofanana kumunsi. Anakhuthula madengu onse pansi. Zobiriwira zinalipo, koma ina inali yowala ngati tsamba lanthete, ina yoderako, ina ya mizeremizere. A Mapini ankaika chilichonse pambali pa siketi, n'kupita nacho pakhomo pa kuwala, n'kubwerera. Mtundu umenewo sukulu inkachita kuitanitsa, m'masitolo sunkapezeka. Onse ankadziwa kumene kunali mipukutu yake, koma palibe ankafuna kuyamba kutchula. Kamsoti anasuzumira pazenera. Inkaoneka bwinobwino, itatsamira khoma kumbuyo kwa mayi wa tsidya.

Kachete anaona kuti zavuta. Anayamba kupinda siketi yake mosamala, n'kuibwezera m'pepala lija. Anapepesa chifukwa chowavutitsa pa Loweruka, anati mwina ndi iyeyo amene sanamve bwino, poti ena onse analemba kuti nkhaniyo ndi yabwino.

Mawu amenewo ndi amene anamudzutsa Kamsoti. Anamulanda pepala lija.

"Unamva bwino. Analipo munthu anatichenjeza, ndinafufuta ndine. Tiye."

Anatuluka atamugwira dzanja. Msewu uja ndi waung'ono, koma tsiku limenelo unamutalikira. Ankaona kale nkhope ya Gulugufe, ankamva kale zimene zikanenedwe Lolemba. Atafika pakati anaima kuti njinga idutse, n'kumva kupuma kumbuyo kwake. Anali agogo ake, tepi ili m'khosi, chipewa chili m'manja.

"Zoti fufuta ndinanena ndine," anatero, maso ali kutsogolo. "Yenda, magalimoto awa."

M'shopu ya tsidya munali mowala, makina akulira ngati njuchi. Gulugufe anali pansi akusankha mabatani, ndipo atawaona anatsegula pakamwa osatseka. Amake anaimitsa makina. Kamsoti anafotokoza zonse ali chiimire, osasiyako ngakhale za kufufuta. Mayiyo anatenga siketi, anaitembenuza, n'kupukusa mutu. Anati anaona kuti ndemanga yake yachoka, ndiye Lachitatu analembanso ina, koma ayenera kuti inamira m'maluwa aja. Kamsoti anatulutsa foni n'kufufuza. Inalipodi, pakati pa "ndilipo" ndi "ndilipo". Masiku atatu inali pomwepo, iye akungoyang'ana nambala.

Kenako mayiyo anatembenukira kwa amuna anga, kuseka kukumuvuta kubisa.

"A Mapini, zaka zinayi msewu uwu mumauoloka ndi maso okha. Lero miyendo yavomera?"

"Mayi, ndabwera kudzapempha nsalu," anayankha, akupotokola chipewa. "Munanena zoona. Ine ndi amene sindinamve."

Mayiyo anadzuka. Anagwetsa mpukutu pa tebulo n'kudula lamba wokwanira. Koma anati vuto lilipo: msoko wolumikizira udzaoneka, ndipo mphunzitsi wa pa geti uja adzati mwana wasoka zigamba pa yunifolomu. Apa a Mapini anatsokomola pang'ono. Anati msoko umenewo amaubisa m'kati mwa kampindo kakang'ono, n'kusoka kena pamwamba pake, ndiye munthu amangoona ngati ndi mmene siketi inabadwira. Mayiyo anawomba m'manja kamodzi. Anati timipindo timeneto wakhala akutiona pa mayunifolomu akale amene ana amabweretsa kuti awakulitse, amachita kuwatembenuza kuti aphunzire, koma take timatuluka tokhota. A Mapini anayang'ana kudenga ngati sanamve, koma chifuwa chinakwera. Anapempha mapini. Atawaika pakamwa, ndi pomwe Kamsoti anadziwa kuti siketi ipulumuka.

Anagwira ntchito awiriwo, wina akuika mapini, wina akuyendetsa makina. Anakanganako pa za ulusi. A Mapini anayesa kuponda makina amagetsi aja, makinawo n'kuwathawa ndi nsalu, iwo n'kunena kuti chinthu chopanda ulemu ngati chimenechi sangachisunge m'nyumba. Atsikana atatu anakhala pa benchi. Kamsoti ankadikira chipongwe, koma Gulugufe anamunong'oneza kuti sabata ina amake analibe zotsala zopangira liboni, ndipo ndemanga zinabwera zisanu. Anati tsiku lina analemba dala chiganizo chimodzi katatu kuti aone ngati wina adandaule, onse anangoti zabwino. Kamsoti anamuyang'ana. Anaona kuti liboni la m'mutu mwa mnzakeyo ndi lokongoladi, ndipo kamtima kanamupwetekabe pang'ono, koma sikanali kofanana ndi kale.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni Kachete anavala siketi kuseri kwa katani n'kutuluka. Mawondo anabisika. Timipindo tiwiri tinazungulira mowongoka ngati tojambula ndi rula. Anadziyang'ana pagalasi kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumwetulira, ndipo aka kanali koyamba Kamsoti kuona kuti mtsikanayu ali ndi kampata pamano. Lolemba mphunzitsi wa pa geti anawerama, anayang'ana, n'kumuuza kuti adutse.

Chikwama chinapita kwa "ndilipo" uja, poti lonjezo ndi lonjezo. Anabwera kudzatenga, sanafunse ngakhale amene anasoka, ndipo pa tsamba la Kamsoti sanaonekenso. A Mapini anatsitsa nsalu yabuluu yotsala n'kusoka china, n'kumutuma Kamsoti kuti akamupatse Kachete mwakachetechete, anzawo asaone.

Kamsoti analembanso nkhani ija. Pamwamba penipeni anaika mawu a mayi wa tsidya, n'kunena kuti ndi iwo anaona cholakwa, ndiponso kuti iye anafufuta. Anajambula dzanja la agogo ake litagona pa nsalu, zala zitatu kunsi kwa choko. Za mphatso sanatchulenso. Ndemanga zinabwera zinayi. Imodzi inali ya azakhali ake. Ina inali ya munthu wofunsa ngati nsalu yokhuthala imafunanso zala zitatu, ndipo funso limenelo anakambirana ndi agogo ake madzulo onse asanayankhe. Lolemba lina Gulugufe anamufunsa kuti zafika zingati, iye anati zinayi, ndipo zonse waziwerenga.

Nsanje ya a Mapini sinathe, ndisakunamizeni. Ankawerengabe olowa kutsidya mpaka mlungu umene anagona. Kungoti ulusi wakuda ukawathera ankaima pakhomo n'kukuwa, mayi uja n'kuwaponyera, ndipo timipindo tija anamuphunzitsa mpaka tinawongoka.

Lero makina aja ali pazenera pomwepo, tawaphimba ndi nsalu. Mapini awo ali m'kambale pa tebulo, sindinawasunthe. Chithunzi cha dzanja lija chikadali pa tsamba la Kamsoti, ndipo akabwera kusukulu amakhala pa kampando ka pakona n'kundiwerengera zimene anthu alemba pansi pake, imodzi imodzi, mpaka ndimuuze kuti basi kwa lero.

Ndiye ndikupempheni, ana inu. Ine masiku anga apita, ndipo mutu wayamba kutaya zinthu. Tsiku limene mudzagwire sizasi, mutalemba kale choko, gonekani zala zitatu musanadule, ndipo zalazo zili pa nsalupo mutchuleko dzina la a Mapini. Mudzauzenso ana anu kuti analipo telala wina wansanje, wa mapini pakamwa, amene tsiku lina anavula chipewa n'kuoloka msewu. Musawaiwale.